Amene Anasankhira Foni Zathu Womasulira

Purosesa ya m'foni imadziwa malangizo ochepa kwambiri: tenga nambala iyi, phatikiza ndi iyo, sunga apa, dumphira uko. Za WhatsApp, za chithunzi kapena za ndalama imene mukutumiza kumudzi siidziwa kanthu. Komanso malangizo amene purosesa ya mtundu wa ARM imamva, ya Intel siiwamva. Ndiye aliyense wofuna kupanga kachipangizo ka m'manja koti anthu ena azikalembera mapulogalamu amayamba wayankha funso limene ife ogula sitilimva n'komwe. Kodi pulogalamu izilankhula ndi purosesa mwachindunji? Kapena pakati pawo pakhale pulogalamu ina yodziyesa kompyuta, yoti izilandira malangizo a mtundu umodzi n'kumawasandutsa zimene chitsulo chili pansicho chingamve? Pulogalamu ya pakatiyo ndi imene akatswiri amaitcha virtual machine.

Amene munakhalapo pa msonkhano wa chitsitsimutso pamene mlaliki wachilendo akulankhula kudzera mwa womasulira mukuidziwa kale nkhaniyi. Ubwino wake ndi woti ulaliki womwewo ukhoza kumveka ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Nsanje, bola womasulira asinthidwe. Kuipa kwake nakonso n'koonekeratu: mapemphero amatalika, ndipo womasulirayo amafuna malo ake pansanja ndi mbale yake ya nsima. Akhoza kumamasulira chiganizo chilichonse chikangotuluka. Akhoza kuzindikira mawu amene mlaliki amawabwereza kawirikawiri n'kuwaloweza kuti asamavutikenso nawo. Akhozanso kupatsidwa ulaliki wonse dzulo lake n'kuchezera akuulemba m'chilankhulo cha anthu, koma pamenepo pafunika mapepala ambiri ndi nyali. Njira zitatu zimenezi zonse zagwiritsidwapo ntchito m'foni zimene takhala tikugwira, ndipo iliyonse ili ndi chimene imadya: ina nthawi, ina batire, ina malo osungira zinthu. Chimene chakhala chikundikhudza ine n'chakuti wosankha njirayo amakhala ku California, pamene wolipira mtengo wake amakhala ali ku Mitundu ndi foni ya itel imene anaigula atagulitsa soya.

Nkhaniyi inayambira ku kampani ya Sun Microsystems. Mu 1991 kagulu ka anthu a kumeneko, mmodzi mwa iwo James Gosling, kanayamba kupanga chilankhulo cholembera mapulogalamu a zipangizo za m'nyumba, ndipo chinatuluka poyera mu 1995 ndi dzina loti Java. Chiyembekezo chawo chinali choti munthu azilemba pulogalamu kamodzi kokha, iyo n'kumagwira ntchito paliponse pamene pali virtual machine ya Java. Koma Java ya pa kompyuta inali yolemera moti foni sikanainyamula, ndiye mu 1999 analengeza Java yaing'ono, J2ME, ndi virtual machine yake yotchedwa KVM, imene inkatha kukhala m'makilobaiti mazana ochepa chabe. Mtundu woyamba wa maziko ake sunkatha ngakhale kuwerengera manambala okhala ndi kadontho. Zinali zoumira choncho.

Komabe kanthu kopanikizikako ndi kamene kanatilowetsa ambiri a ife pa intaneti. Ndimakumbukira foni za mabatani za Nokia, Sony Ericsson ndi Samsung, zimene ukatsegula gemu pankabwera kachithunzi ka kapu ya khofi yotuluka nthunzi. Tinkapatsana mafayilo othera ndi .jar kudzera pa Bluetooth, foni ziwiri zitagundana mitu pa benchi. Opera Mini, imene inatuluka ku Norway mu 2005 n'kufalikira padziko lonse chaka chotsatira, inali pulogalamu ya Java yomweyi. Ukapempha tsamba, makompyuta a kampani ya Opera ankalitenga, n'kulifinya, kenako n'kulitumiza lili laling'ono loti foni yofooka ndi mayunitsi ochepa zikwanitse. Abale athu a ku Joni ankacheza pa Mxit, imene inayambira ku Stellenbosch ndipo nayonso inkayenda pa Java. Munthu amene akufuna kunyoza J2ME lero ayambe wakumbukira kuti panali anthu amene anawerenga nyuzipepala ya kunja koyamba pa kagalasi kosakwana chikhato chifukwa cha iyo.

Zofooka zake tinkazionanso ndi maso. Gemu yoyenda bwino pa Nokia inkakana pa Samsung, kapena inkatseguka theka la chithunzi litadukira kumbali. Kampani iliyonse inkaika virtual machine yakeyake ndi tizowonjezera take, moti wolemba pulogalamu ankakakamizika kukonza mitundu yambirimbiri ya pulogalamu imodzi. Pa foni zambiri unkatsegula pulogalamu imodzi yokha pa nthawi, ndipo inkangokhalira kukufunsa ngati ukuilola kulowa pa intaneti. Mapulogalamu a Java anali ngati otsekeredwa m'kachipinda kawokawo, kutali ndi zinthu zenizeni za foniyo. Opanga foni nawonso ankalipira Sun kuti aike Java.

Pamene Google inagula kampani yaing'ono ya Android mu 2005, Andy Rubin ndi anzake anali ndi njira zingapo patsogolo pawo. Akanatha kugwirizana ndi Sun n'kutenga Java yokonzedwa kale, ndipo anakambiranadi, koma sanamvane. Akanatha kusiya za virtual machine n'kunena kuti aliyense azilemba pulogalamu yolankhula ndi purosesa mwachindunji, monga zinkachitikira pa Symbian ya Nokia komanso monga Apple inadzachitira pa iPhone. Iwo anasankha njira ina: olemba mapulogalamu apitirize kulemba mu Java, chilankhulo chimene anthu miyandamiyanda ankachidziwa kale, koma womasulira wa m'foniyo amangidwe watsopano kuyambira pansi. Amene anatsogolera ntchitoyo anali Dan Bornstein, ndipo anaipatsa dzina loti Dalvik, la mudzi wa asodzi wa ku Iceland.

Apa ndi pamene ndimafuna kuchedwapo, chifukwa ntchito ya Bornstein ndimaipatsa ulemu waukulu. Mu 2008, pofotokoza ntchito yake pa msonkhano wa Google I/O, anayamba ndi kuwerengera umphawi wa chipangizo chimene ankachiganizira. Foni yake inali ndi RAM ya 64 MB yonse. Zoyambira za pansi zikadzuka pankatsala 40 MB, ndipo zina zonse zoyendetsa foni zikadzukanso pankatsala pafupifupi 20 MB. M'kamalo kameneko ndi mmene mapulogalamu onse ankayenera kukwana, pa purosesa yochedwa, yodalira batire, popanda malo ena otayirako zinthu RAM ikadzaza. Chilichonse chimene anasankha chinachokera pa masamu amenewa.

Java ya pa kompyuta imasunga gawo lililonse la pulogalamu m'fayilo yakeyake, ndipo mayina ndi mawu omwewo amalembedwa mobwerezabwereza m'mafayilo onsewo. Dalvik inasonkhanitsa zonse m'fayilo imodzi ya .dex mmene dzina lililonse limalembedwa kamodzi kokha. Virtual machine ya Java imawerengera pounjika manambala pamulu n'kumawachotsa limodzilimodzi, zimene zimafuna malangizo ambiri afupiafupi. Dalvik inapatsa nambala iliyonse kamalo kake kodziwika, kotero kuti ntchito yomweyo inkatha ndi malangizo ochepa, ndipo langizo lililonse lopulumutsidwa ndi batire yopulumutsidwa. Koma chimene chimandisangalatsa koposa ndi Zygote. Foni ikamayaka, virtual machine imodzi imadzuka n'kukonzeratu zinthu zonse zimene pulogalamu iliyonse idzafune. Mukakhudza kachizindikiro ka pulogalamu, foni imangogawa Zygote uja pawiri, watsopanoyo n'kukhala pulogalamu yanu. Zinthu zokonzedwa kale zija mapulogalamu onse amagwiritsa ntchito zomwezo, ndipo pulogalamu imapatsidwa kope lakelake pokhapokha ikafuna kusintha kanthu. Mwa njira imeneyi pulogalamu iliyonse inakhala ndi virtual machine yake, yotchingidwa kuti ikagwa isagwetse inzake komanso isasuzumire za inzake, koma popanda kudya RAM yochuluka ngati mmene zikanakhalira iliyonse ikanayamba payokha. Zygote akadalipo mpaka lero m'foni iliyonse ya Android.

Panalinso chinthu chimene anachikana dala. Dalvik yoyamba inkangomasulira langizo ndi langizo, osaloweza kanthu, ngakhale njira yoloweza, imene amaitcha JIT, inali yodziwika kale pa makompyuta. Chifukwa chake chinali choti zolowezedwazo zimafuna malo mu RAM, ndipo RAM ndi imene inali yosowa. Analolera kuti foni ichedweko pang'ono kusiyana n'kuti mapulogalamu azifa chifukwa chosowa pokhala. Foni yoyamba ya Android, HTC Dream, inatuluka kumapeto kwa 2008 ndi RAM ya 192 MB, yochuluka kuposa imene Bornstein ankawerengera. Amene wakonzekera njala savutika zokolola zikachuluka, ndipo ndikukhulupirira kuti kuumira kwa masiku oyambawo n'kumene kunathandiza kuti patapita zaka zochepa Android ikwane m'foni zotchipa zimene zinadzaza misika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe.

Sindikunena kuti Apple inalakwitsa. Iwo amapanga okha foni zawo, mitundu yochepa, ndipo mapurosesa ake amawadziwa bwino, choncho womasulira sankawafunikira. Anakana Java, ndipo kwa zaka zambiri iPhone inkayenda mosalala ndi RAM yochepa kuposa foni za Android za mtengo wofanana. Mbali ina ya kusiyanako inali yoti virtual machine imayenera kumasesa zinthu zimene pulogalamu yasiya kugwiritsa ntchito, ndipo pa Dalvik yakale kusesako kunkaimitsa pulogalamu kwa kanthawi kooneka ndi maso, chala chikuyenda koma chithunzi chitaima. Njira ya Apple inali yabwino kwa kampani yogulitsa foni zake zokha. Njira ya Android inalola kuti pulogalamu imodzi iyende pa purosesa ya Qualcomm, ya MediaTek, ya Spreadtrum ngakhalenso ya Intel. Kutchipa kwa foni za Tecno ndi itel kuli ndi zifukwa zina zazikulu, monga kuti Android inkaperekedwa ulere komanso kuti mafakitale a ku Shenzhen anaphunzira kupanga zambiri pa mtengo wotsika. Koma pakanapanda womasulira wolola zitsulo zosiyanasiyana, wolemba pulogalamu sakanaikumbukira n'komwe foni yotchipayo.

Kusankha kwa Google kuja kunaibweretsera mlandu. Oracle inagula Sun mu 2010 ndipo chaka chomwecho inasumira Google. Nkhani inatsalira pa mizere pafupifupi 11,500 ya mayina ndi kasanjidwe ka Java imene Google inakopera kuti olemba mapulogalamu asaphunzirenso zinthu zatsopano. Mlanduwo unatha mu April 2021, pamene khoti lalikulu la ku America linagamula mokomera Google, oweruza asanu ndi mmodzi kutsutsana ndi awiri. Ambiri akamakamba za Dalvik amathera pamenepa. Kwa ine nkhani yofunika ili pa zimene zinasinthidwa m'foni zaka zomwezo, mlandu uli m'kati.

RAM itayamba kuchuluka, JIT inalowa mu Android 2.2 mu 2010, ndipo mapulogalamu anafulumira. Kenako a Google anaganiza zomasuliratu zonse. Virtual machine yatsopano yotchedwa ART inayesedwa mu Android 4.4 mu 2013, ndipo mu Android 5.0 ya 2014 inalowa m'malo mwa Dalvik kotheratu. Tsopano pulogalamu inkasandutsidwa yonse kukhala malangizo a purosesa pa nthawi imene ikuikidwa m'foni. Inkatseguka msanga ndipo batire inkapumako. Koma zomasuliridwazo zinkafuna malo, ndipo foni zambiri zimene anthu ankagula kuno zinali ndi malo a 8 GB kapena ocheperapo, gawo lalikulu litatengedwa kale ndi Android yeniyeniyo. Masiku amenewo ndi pamene anthu ankabwera kwa ine kawirikawiri ndi dandaulo limodzimodzi. Azakhali anga anandipatsira foni yawo tsiku lina n'kunena kuti, "Mwanawe, taona, akuti yadzaza, koma ine zithunzi zonse za ku chinkhoswe ndafufuta." Ndinawayankha kuti, "Azakhali, zithunzi zanu sizinalakwe, amene akudya malo ndi mapulogalamuwa." Sindikanatha kuwabwezera zithunzizo. Zimandiwawa mpaka pano kuti munthu anataya nkhope za abale ake pofuna kupereka malo ku chinthu chimene sanachisankhe ndipo sankachidziwa. Enanso amakumbukira mmene foni inkakhalira nthawi yaitali ikalandira Android yatsopano, ikuwerenga mapulogalamu limodzilimodzi pamene ikuwamasuliranso onse, mwini wake akungoyang'ana batire ikutsika.

Akatswiri a Android anaona vutoli ndipo mu 2016, mu Android 7.0, anaphatikiza njira zonse zitatu. Pulogalamu ikangoikidwa imayamba kumasuliridwa pang'onopang'ono, JIT imaloweza zigawo zobwerezedwa kwambiri, ndipo foni imalemba penapake zigawo zimene mwini wake amagwiritsa ntchito kawirikawiri. Kenako, pa nthawi imene foni ili pa tchaja ndipo yakhala nthawi yaitali osakhudzidwa, imatenga zigawo zokhazo n'kuzimasuliratu. Ndi nzeru yokongola: malo sawonongeka, kuika pulogalamu sikuchedwa, ndipo ntchito yolemera imachitika mwini wake ali mtulo.

Komatu taonani munthu amene ali m'maganizo a wokonza njirayi. Ndi munthu amene madzulo amalumikiza foni ku khoma pafupi ndi bedi, ili yoyaka, n'kudzaichotsa m'mawa. Kwathu kumudzi foni zambiri sizigona choncho. Zimapita kokatchajitsa pa barbershop kapena pa golosale ya solar, mwini wake n'kulipira kangachepe, ndipo ambiri amaithimitsa kuti idzaze msanga komanso kuti wina asamayankhe mafoni awo. Ena amaitchaja mothamanga magetsi akabwera, uku akuigwiritsa ntchito. Foni yothima singamasulire kanthu, ndipo foni imene ili m'manja siyesedwa kuti ikupuma. Foni yotereyi imagwirabe ntchito, koma zimene JIT yaloweza zimatayika pulogalamu ikatsekedwa, ndipo pa foni ya RAM yochepa mapulogalamu amatsekedwa pafupipafupi kuti ena apeze malo. Ndiye ntchito yomasulira yomweyo imabwerezedwa tsiku ndi tsiku, pa batire imene munthu analipira kuti itchajidwe. Wosauka magetsi ndi amene amawononga magetsi ambiri pa kutsegula pulogalamu yomweyo.

Palinso china chofanana nacho. Kuyambira nthawi ya Android 9, Google Play inayamba kusonkhanitsa kuchokera ku foni zambiri mndandanda wa zigawo zogwiritsidwa ntchito kwambiri, n'kumautumiza pamodzi ndi pulogalamu kuti foni imasuliretu zigawozo tsiku loyamba lomwelo. Thandizo limeneli limafika kwa amene watenga pulogalamuyo pa Play. Kuno bandulo ndi yodula, ndipo mapulogalamu ambiri amayenda kuchoka pa foni kupita pa foni kudzera pa Xender kapena SHAREit, kapena amaikidwa ndi mnyamata wa pamsika amene amaikanso nyimbo m'memori khadi. Pulogalamu yobwera motere imafika yopanda mndandanda wa ku Play uja. Sindikuona choipa m'mitima ya amene anakonza zimenezi. Anthu amakonzera moyo umene amaudziwa, ndipo Bornstein naye ankakonzera umene ankaudziwa, kungoti mu 2007 umphawi wa chipangizo unali wa aliyense, wa ku California ndi wa ku Mchinji yemwe. Lero umphawiwo watsala kwa ena okha, ndipo wolemba pulogalamu sauonanso pa desiki yake pokhapokha ataufunafuna dala.

Kunena chilungamo, a Google akhala akuufunafuna nthawi zina. Android 4.4 inakonzedwa kuti iziyenda pa RAM ya 512 MB. Mu 2017 kunabwera Android Go ya foni za RAM ya 1 GB kapena yocheperapo, ndipo ndi imene ili m'foni zambiri zotsika mtengo zimene timagula. Koma mlingo ukukwera: pofika pa Android 13, ngakhale Go inayamba kufuna RAM ya 2 GB. Kampani zina zinapita njira ina, monga KaiOS imene imayendetsa mapulogalamu a foni za mabatani ngati masamba a intaneti, ndipo inafalikira kwambiri ku India kudzera pa JioPhone. Kumeneko nakonso pakati pali womasulira, wa JavaScript, amene amadya gawo lake la RAM yochepayo.

Achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu m'makoleji athu sangasankhe virtual machine ya Android. Inasankhidwa kale. Koma funso lomwelo limawabwerera m'njira ina pa pulojekiti iliyonse. Akalemba mu Kotlin kapena Java, pulogalamu yawo iyenda pa ART imene ili kale m'foni ndipo ikugawana Zygote ndi mapulogalamu ena. Akasankha React Native, anyamula injini ya JavaScript m'kati mwa pulogalamuyo, womasulira wachiwiri pamwamba pa woyamba. Akasankha Flutter, pulogalamu imasuliridwiratu isanatumizidwe, koma inyamula injini yakeyake yojambulira zooneka pagalasi. Ambiri amene ndacheza nawo amasankha potengera chimene chili chosavuta kuphunzira pa YouTube kapena chimene olemba ntchito akuchifuna, ndipo zifukwa zimenezo n'zomveka kwa munthu wofuna ntchito. Chimene ndimawapempha n'choti pulogalamu ya alimi, ya kuchipatala kapena ya banki m'khonde aiyese pa foni imene mlimiyo ali nayodi, yodzaza, ya batire yotopa, WhatsApp itatseguka kumbuyo, ndipo aiike kudzera pa Xender monga mmene idzafikire kumudzi. Android masiku ano imalola wolemba pulogalamu kuika yekha mndandanda wa zigawo zofunika m'kati mwa pulogalamu yake, zimene amazitcha Baseline Profiles, kotero kuti foni ikhoza kuzimasuliratu popanda kudikira kuti mwini wake aigwiritse ntchito kwa masiku. Ndi ntchito yowonjezera imene siioneka pa chithunzi chilichonse chimene angaonetse kwa wopereka ndalama, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaidumpha.

Azakhali aja anagula foni ina, ndipo m'nyumba mwawo muli kasolar kakang'ono kotchajira. Ndinawauza kuti mwa apo ndi apo aziisiya pa tchaja ili yoyaka, osaikhudza, kwa maola angapo. Anandifunsa ngati zimenezo siziononga batire, ndipo ndinawatsimikizira kuti ayi. Aneba awo, amene amatchajitsabe kwa ometa tsitsi pa trading centre, sindinawauze zomwezo, chifukwa kusiya foni yoyaka m'manja mwa anthu ena, muli Airtel Money kapena Mpamba, n'chinthu chimene sindingalangize munthu.